Womanga Manja a Chigayo

Shedi ya a Bandeji inali kuseri kwa malo otsukira magalimoto, ndipo ntchito yake yeniyeni inali kukonza mipando. Sofa yotuluka siponji, mpando wa basi umene wadyedwa ndi matako a anthu kwa zaka khumi, chishalo cha njinga yamoto chong'ambika pakati, zonsezo zinkalowa m'menemo zili mbuu n'kutuluka zitavala zatsopano. Koma mukanakhala pakhomopo theka la tsiku mukanaona kuti mwa anthu khumi olowa, obwera ndi mpando anali awiri. Enawo ankabwera ndi pakamwa pokha.

Munthu ankafika, n'kusankha sofa ya eni ake imene ikudikira nsalu, n'kukhalapo mwendo pamwamba pa unzake ngati waigula yekha. Akapuma pang'ono funso lija linkatuluka.

"A Bandeji, lero mutiuze zoona. Chigayo wa nthawi yake uja ndi Magetsi wa leroyu, atakumana m'zingwe, wogona pansi angakhale ndani?"

Chigayo anali katswiri wa nkhonya wa gulu la anthu olemera, zaka pafupifupi makumi atatu zapitazo. Sanali wothamanga. Ankangoyenda chamtsogolo, mutu pansi, n'kumapera munthu m'nthiti pang'onopang'ono mpaka manja a mnzakeyo atatsika okha, n'chifukwa chake anam'patsa dzinalo. Magetsi ndiye anali ndi lamba yemweyo masiku ano, munthu wamtali, wa miyendo yopepuka, amene akakupeza ndi dzanja lamanja kwa iwe kunkada dzuwa lili pamutu. Pamene Chigayo ankavula magolovesi komaliza, Magetsi n'kuti akukwawa. Ndewu yawo inali isanachitikepo ndipo panalibe njira yoti ichitikire, koma m'shedi muja inkamenyedwa tsiku lililonse kupatula Lamlungu.

Ankafunsa a Bandeji chifukwa m'tauni monsemo munthu amene anagwirapo manja a anthu awiri onsewo anali iwo okha. Anali atangophunzira kumene kusoka chikopa pamene anawaitana ku jimu ya kuseri kwa siteshoni kuti akasoke thumba lomenyera limene linaphulika. Wolidula msokoyo anali chimunthu cha khosi ngati chitsa, Chigayo mwini wake. Chinaima pambali chikuyang'ana mmene zala za mmisiri zikuyendera, kenako chinatambasula manja n'kunena kuti, "Ngati umatha chikopa cha ng'ombe, tamanga changachi tione." Pasanathe zaka ziwiri chimunthucho chinakwatira mlongo wawo wamkulu wa mmisiriyo, n'kukhala pachilamu. Dzina limene mmisiri anabadwa nalo linatsala pa chitupa, ndipo kuyambira nthawi imeneyo aliyense ankangoti a Bandeji.

Kumanga manja a wankhonya anthu amakuona ngati kukulunga nsanza, koma a Bandeji mukanena zimenezo pamaso pawo mukanatuluka m'shedi sofa yanu isanathe. Ankayamba ndi kuligwira dzanjalo lili lokha, kulipapasa fupa ndi fupa. Kenako bandeji katatu polumikizira mkono, kudutsa pakati pa zala, kupinda kansalu pamwamba pa mfundo, n'kumati, "Fumbatani. Tambasulani. Fumbataninso." Ukathina kwambiri dzanja limachita dzanzi raundi isanathe, ukalekerera fupa limasweka. Anamanga a Chigayo ndewu makumi anayi ndi ziwiri. Chigayo atasiya, jimu inapitiriza kuwaitana, ndipo zaka zitapita anamanganso a Magetsi ndewu zake khumi zoyamba, asanatchuke n'kupeza anthu ake ovala yunifolomu.

Analinso munthu wa pakona, wonyamula ndowa ndi thaulo. Ntchito ya wa pakona ndi ya mphindi imodzi yopumira ija: kupukuta magazi, kumwetsa madzi, ndi kulimbitsa mtima. Munthu wako atatupa maso onse awiri, iwe umamuuza kuti mnzakoyo watopa, ukumutha, bwerera. A Bandeji anaiphunzira ntchito imeneyi mpaka inalowa m'magazi, ndipo kulakwa kwawo kunali koti belu lomaliza litalira iwo sanachokepo pakonapo.

Motero yankho lawo silinkasintha. Ankalavulira m'dzanja timisomali timene ankasunga pamilomo n'kunena kuti, "Chigayo. Raundi sikisi."

Sankanena pongofuna kusangalatsa mlamu wawo ayi. Ankakhulupirira ndithu, ndipo zifukwa anali nazo. Magetsi akaponya dzanja lamanja chigongono chimatsala m'mwamba, nthiti zili pamtunda. Mafupa a manja ake ndi aatali koma opyapyala. Sanamenyepo ndewu yodutsa maraundi asanu ndi atatu, pamene Chigayo ankamenya khumi ndi asanu ndi magolovesi ouma ngati njerwa. Koma ndani ankamvetsera zifukwa? Chimene chinkawatsukula mtima a Bandeji n'choti anthuwo ankafunsa pofuna poyambira phokoso lawo basi.

Aphokoso enieni anali awiri. Aphunzitsi, amene anapuma ntchito kalekale koma pakamwa pawo sipanapume, anali a Chigayo kufa n'kudzuka, ngakhale kuti ndewu zake anangozimvera pa wayilesi. Dalaivala wa lole ya mchenga anali wa Magetsi.

"Akale aja ankamenyana ndi oledzera," ankatero dalaivala. "Munthu wachoka ku bala dzulo, lero akuti ndi chalenja wodzalanda lamba. Mdala wanuyo Magetsi angamuzungulire mpaka chizungulire chim'gwetse chokha."

"Iwe unali kuti? Unali kuti iwe?" Aphunzitsi ankamuloza ndi ndodo. "Anyamata a masiku ano akangokhudzidwa pamphuno, lefali waimitsa. Nthawi yathu munthu ankatuluka m'zingwe mayi ake om'bereka osamuzindikira!"

"Ndiye zonyadira zimenezo?"

"A Bandeji, muuzeni mwanayu."

A Bandeji ankayamba kufotokoza za chigongono chija, koma asanafike pakati awiriwo anali atayambanso kulozana. A Bandeji ankangobwerera ku makina awo akutukwana chamumtima. Madzulo alamu awo akamadutsa pochokera ku malo ogulitsira matabwa, kumene ankalondera pageti masana, shedi yonse inkatulukira pakhomo kukuwa kuti, "Chigayooo! Raundi sikisi!" Mkuluyo ankaima pakati pa msewu, n'kukweza nkhonya imodzi, n'kupitiriza ulendo chifuwa chili patsogolo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi.

Zinthu zinaonongeka tsiku limene dalaivala anajambula mkanganowo pa foni yake. A Bandeji tsiku limenelo anali atapsa mtima ndi kasitomala wina, ndiye poyankha anawonjezera mchere. Anati Magetsi ndi mwana wa dzulo, ndipo Chigayo angam'menye uku akumanga lamba wa buluku. Dalaivala anatumizira anzake, anzakewo anatumizira ena, ndipo pasanathe sabata mawuwo ankamveka pa pulogalamu ya zamasewera ya pa wayilesi. Kunena kwa ndithendithe Nanthambwe adadzitengera. Anthu ankaimba foni ku wayilesiko mpaka nthawi kutha, ndipo panapezeka pulomota wina wa nsapato zoyera amene ananunkhiza phindu. Anati bwanji tingomaliza nkhaniyi, anthu awiriwa onse ali moyo.

A Bandeji anazimva kwa mlongo wawo. Mayiwo analowa m'shedi m'mawa osapereka moni, n'kuima pakati pa masiponji, mpango uli pambali.

"Wasangalala?"

"Kwagwanji, achemwali?"

"Alamu ako asaina dzulo. Akukamenyana ndi Magetsi kutha kwa mwezi uno. Akuti chionetsero. Chionetsero cha chiyani, cha maliro? Iwe sudziwa kuti diso lakumanzere lija siliona? Sudziwa kuti kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri? Usiku wonse mutu, mutu, ine ndiye wonyowetsa nsalu. Iwe uli kuno, raundi sikisi, raundi sikisi, ngati wayilesi yakufa batani."

"Ine ndimanena za kale, achemwali. Aliyense akudziwa kuti ndimanena Chigayo wakale."

"Aliyense kupatula mwini wake! Munthu akadwala malungo umam'patsa mankhwala, iwe umam'patsa raundi sikisi. Wayatsa moto ndiwe, ukauzime ndiwe. Akandifera m'zingwe muja, pamaliropo usadzaponde."

Anatuluka, n'kugwetsa mpukutu wa nsalu umene unali pakhomo, osautola.

A Bandeji anatseka shedi masana omwewo n'kupita ku matabwa. Anapeza alamu awo atavula jekete ya yunifolomu, akumenya mphepo kuseri kwa mulu wa mapulanga, thukuta lili chuu. Mapewa anali akadali omwe aja, koma miyendo inkabwera mochedwa, ngati ikuchita kufunsa kaye njira.

"Alamu! Mwabwera bwino. Mupezeretu bandeji wabwino, osati wa masiku anoyu wongotanuka."

"Alamu, nkhani imeneyi ndi yoona?"

"Anafuna maraundi atatu. Ndakana. Ndati sikisi, poti alamu anga ananena kuti sikisi. Atatu ndingam'gaye bwanji munthu? Chigayo chimafuna nthawi."

A Bandeji anatenga botolo la madzi limene linali pabenchi n'kuwapatsira chakumanzere, mwadala. Mkuluyo sanalione. Anapitiriza kuyankhula botolo lili pafupi ndi khutu lawo, mpaka a Bandeji analibweretsa kutsogolo.

"Alamu, tamverani. Ine ndikamanena zija ndimanena Chigayo wa nthawi ija. Wa zaka makumi atatu."

"Ndiye ineyo ndine ndani?"

"Ndinu nomwe, koma..."

"Koma chiyani? Munanena kuti ndingam'menye uku ndikumanga lamba. Dziko lonse lamva. Kapena munkandinamiza?"

"Sindinakunamizeni."

"Basi. Mukagule bandeji."

Panalibe polowera. Munthu amene wakhala zaka zonse akuuzidwa kuti ukumutha, bwerera, sungam'sinthe ndi masana amodzi, ndiponso wom'sinthayo sangakhale yemwe ankanenayo. A Bandeji anayesa njira zina. Anapita ku ofesi yoyang'anira za nkhonya, kumene anakhala pabenchi kuyambira m'mawa, ndipo mlembi anawauza kuti chionetsero si mpikisano, ofesi ilibe nacho mawu. Anapita kwa pulomota wa nsapato zoyera n'kumuuza za diso. Iye anatsegula kabati n'kutulutsa kalata ya dokotala yonena kuti mkuluyo ali bwinobwino, kenako anawapatsa matikiti awiri aulere. A Bandeji anawang'amba ali pamasitepe, koma kung'amba tikiti sikuimitsa ndewu. Pofika Lachitatu zikwangwani zinali zitamatidwa pa mapolo onse, chithunzi cha Chigayo cha kalekale pambali pa cha Magetsi cha chaka chino, ngati kuti anthuwo ndi amsinkhu umodzi.

Anatsala ndi khomo limodzi, limene sankafuna kugogoda. Jimu ya Magetsi inali pamwamba pa sitolo ya matayala, yoyala magalasi khoma lonse. Anam'peza akudumpha chingwe. Atawaona analekeza, n'kupukuta nkhope, n'kuwakokera mpando, chifukwa ulemu anali nawo.

"Mwatiyendera, madala."

"Ndabwera kudzapempha, mwanawe. Munthu uja ndi wamkulu. Diso limodzi ndi lakufa. Ngati zavuta ndithu kuti mulowe, uzingomukhudza. Muvine maraundi akewo, anthu aombe m'manja, tizipita."

Magetsi anakhala pansi pamphepete pa zingwe n'kuyang'ana manja ake.

"Madala, manja awa munawamanga ndinu. Mukudziwa kuti belu likalira samva zonena. Ndipo iwowo sabwera kudzavina, abwera kudzandithyola nthiti. Akandipweteka kamodzi dzanja lipita lokha, ine ndidzazindikira ali pansi."

"Ndiye ukane."

"Ndikane? Ndikakana anena kuti ndathawa nkhalamba. Ndikawamenya anena kuti ndamenya nkhalamba. Zaka zisanu ndili ndi lamba, ndagwetsa anthu khumi ndi anayi, koma kulikonse kumene ndingapite, olo kokweza mafuta, pali wina wonena kuti a Bandeji akuti Chigayo raundi sikisi. Mwana wanga wamkazi anabwera ku sukulu akulira, anzake akumuimba kuti bambo ako ndi mwana wa dzulo. Ndimenyane ndi ndani kuti zithe? Munthu amene mumandiyerekeza nayeyo kulibe, madala. Ali m'kamwa mwanu."

Zoti mawu awo a m'shedi ankaliza mwana wa munthu a Bandeji anali asanaziganizepo, ndipo manyazi anawagwira.

"Njira ilipo imodzi," anatero Magetsi. "Lachisanu kuli kukwera sikelo, a wayilesi adzakhalapo. Mudzanene pamenepo kuti ine ndikanawina. Osati mdala wa leroyu, ameneyo aliyense akuona. Wakale yemweyo, wa nthawi yake. Mukanena inu, ine ndilibenso choti ndikatsimikize, ndidzaimirira n'kunena kuti sindimenya bambo anga. Pulomota ndithana naye ndekha."

"Ukundiuza kuti ndiname."

"Ndikukuuzani njira. Kusankha n'kwanu."

Masiku awiri otsatirawo a Bandeji anasoka mpando wa basi nsalu itatembenuka, n'kuphwasula, n'kudzikhoma nyundo pa chala. Aphunzitsi ndi dalaivala atayamba zawo zija anawathamangitsa ndi mpukutu wa siponji, ndipo awiriwo anakapitirizira pansi pa mtengo. Chinkawawawa a Bandeji n'chakuti m'moyo wawo wonse chinthu chimene ankachidziwa kuposa munthu wina aliyense chinali chimodzi chokhachi. Sanali ophunzira, nyumba inali ya lendi, akazi awo anamwalira kale, ana anali kutali. Koma za manja anayi aja palibe akanawaphunzitsa, ndipo tsopano ankayenera kuima pagulu n'kunena zimene ankadziwa kuti si zoona. Ankati akaganiza zokana, ankaona botolo la madzi lija lili pafupi ndi khutu, mwini wake osaliona.

Lachisanu m'mawa holo ya hotela inadzaza. Sikelo inali pakati, tebulo lalitali kumbuyo, pulomota akuyendayenda nsapato zili mbee. A Chigayo anakwera sikelo atavala kabudula wawo wakale wofiira, amene tsopano ankathina m'mimba, ndipo anthu anakuwa mpaka mawindo kunjenjemera. Mkuluyo ankamwetulira ngati mkwati. Mlongo wawo wa a Bandeji anakhala kumapeto kwenikweni, chikwama pamiyendo, osayang'ana munthu.

Mtolankhani wa pa wayilesi ndiye anawaona. "Eya, ayambitsi a nkhani yonseyi ali pompano! A Bandeji, bwerani kutsogolo. Tibwerezereni mawu aja, dziko likumvera."

Anawasomeka maiki pakamwa. A Bandeji anayang'ana Magetsi, amene anali atapinda manja pachifuwa. Alamu awo sanawayang'ane.

"Ine ndamanga manja a anthu awiri onsewa," anayamba. "Zimene ndakhala ndikunena zija ndinkanena chifukwa cha chibale. Zoona zake n'zakuti Magetsi akanawina. Olo Chigayo wa nthawi yake uja, Magetsi akanawina."

M'holo monse phokoso linaphulika. Wina kumbuyo anakuwa kuti agulidwa amenewo. Mtolankhani anati anthu sakhulupirira popanda chifukwa, apereke chifukwa. Apa a Bandeji anachita chinthu chimene sanakonzekere. Pofuna kuti bodza liime, anatenga choona n'kulichirikiza nacho.

"Dzanja lamanja la Chigayo linasweka kawiri. Zaka zisanu zomaliza silinkamenya, ndinkangolimanga mochindikala kuti anthu asadziwe. Ankamenya ndi dzanja limodzi. Munthu wa dzanja limodzi sangaime ndi Magetsi."

Chinali chinsinsi cha anthu awiri, chimene ngakhale mlongo wawo sankachidziwa. Munthu wanzeru akanamva pamenepo kuti Chigayo anasunga lamba zaka zisanu ndi dzanja limodzi, n'kuvula chipewa. Koma anthu a m'holo si omvetsera. Iwo anangotolapo zoti ankanamizidwa, ndipo ena anayamba kuseka.

A Chigayo anatsika pasikelo pang'onopang'ono. Anayenda mpaka pamene panali a Bandeji, anatembenuza mutu kuti awaone ndi diso labwinolo, ndipo anafunsa motsitsa, koma maiki inatola.

"Raundi yachingati, alamu?"

"Alamu..."

"Mwati akanandigwetsa. Ndikufunsa raundi."

"Folo," anatero a Bandeji, maso ali pansi.

Mkuluyo anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu. "Ndewu makumi anayi ndi ziwiri simunaponyepo thaulo loti ndagonja. Ndinkatuluka magazi m'makutu, inu thaulo lili paphewa. Lero mwaponya ndisanavale n'komwe magolovesi."

Magetsi anasunga mawu ake. Anaimirira, anatenga maiki, n'kunena kuti wamva zimene ankafuna kumva, ndipo dzanja lake silingakwere pa munthu wa msinkhu wa bambo ake. Anapita kukagwada pamaso pa a Chigayo kuti awagwire chanza, koma mkuluyo anali atatembenuka kale, akufunafuna malaya ake. Pulomota anatukwana a Bandeji kuyambira pasiteji mpaka pakhomo. Ndewu inafera pomwepo.

Mlongo wawo anabwera ku shedi patapita masiku anayi, mozemba. Anaima pakhomo n'kunena kuti, "Wachita bwino, achimwene." Kenako anawonjezera kuti, "Koma kunyumba usabwere kaye. Akuti akakuona pageti atuluka iwowo." Kaye ameneyo anatha mwezi, anatha miyezi isanu ndi umodzi, anatha chaka. Mdzukulu anabadwa kunyumbako, a Bandeji anangomva kwa anthu. Anasokera mwanayo kamatiresi kabwino ka siponji yofewa n'kutumiza, ndipo kanabwerera tsiku lomwelo kali m'pepala lake.

Ankadzilimbitsa mtima kuti munthuyo ali moyo, akuyenda ndi miyendo yake, ndipo chibale ndi fupa sichiola. Tsiku lina adzapsa mtima mpaka kutopa. Chimene sanachiganizire n'chimene chinachitika m'shedi mwawo momwe.

Chaka chotsatira Magetsi analuza lamba kwa mnyamata wina wamanzere wochokera ku migodi, amene anthu ankamutcha Fosholo. Mkangano unapeza nkhuni zatsopano. Dalaivala anakhalabe wa Magetsi, akuti anam'peza atakalamba, Magetsi wa zaka zisanu zapitazo akanamuphwanya. Aphunzitsi, poti sakanakhala mbali imodzi ndi dalaivala olo kumwamba kutagwa, anasamukira kwa Fosholo. Ankakhala pa masofa a eni ake monga kale, kulozana monga kale. A Bandeji sankafunsidwanso, chifukwa manja a Fosholo anali asanawagwirepo.

Anapirira milungu ingapo. Tsiku lina madzulo, awiriwo atafika pa nkhani ya nthiti, a Bandeji analephera kudzigwira. Anaimitsa makina.

"Nonsenu mukungobwebweta. Pa nkhani ya kumenya m'nthiti, Magetsi ndi Fosholo wanuyo onse ndi ana. Chigayo akanawatenga tsiku limodzi, wina m'mawa wina masana."

Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola. "A Bandeji, musatibwezere m'mbuyo. Nkhani ya mdala uja munaitseka nokha, pa wayilesi. Raundi folo."

"Ndinanena zija kuti asaphedwe! Simukumva? Ndinanama ine!"

"Ndiye tikhulupirire ziti?" anafunsa Aphunzitsi, osati mwachipongwe, koma ngati munthu wotopa. "Munati munkanama poyamba, lero mukuti munanama pachiwiri. Ife tinamva za dzanja losweka. Zisiyeni, a Bandeji. Munthu uja nthawi yake inatha."

Kasitomala wina amene ankadikira chishalo cha njinga yake anadzutsa mutu pa foni n'kufunsa kuti Chigayo ameneyo ndi ndani. Palibe anamuyankha, chifukwa dalaivala anali atayamba kale kufotokoza mmene Fosholo amatsegulira chibwano.

A Bandeji anatuluka panja kuti mtima utsike. Inali nthawi yoweruka, msewu utadzaza anthu ochokera ku ntchito. Tsidya linalo, m'mphepete mwa ngalande, alamu awo ankadutsa atapachika jekete ya yunifolomu paphewa. Anafika moyang'anana ndi shedi n'kuchepetsa liwiro pang'ono, mutu utapendekera kumene kunkachokera phokoso la mkanganowo. M'shedi munkamveka Magetsi, Fosholo, Magetsi, Fosholo. Wotulukira pakhomo panalibe.

"Chigayooo!" anakuwa a Bandeji okha, mawu n'kusweka pakati. "Raundi sikisi!"

Anthu awiri atatu anatembenuka kuyang'ana bambo wachikulire amene akukuwa yekha pamsewu. Shedi inali kumanzere kwa a Chigayo, ndiye ngati anawaona kapena ayi, a Bandeji sakudziwa mpaka lero. Koma makutu a mkuluyo anali abwinobwino. Anakonza jekete paphewa, manja onse ali pansi, n'kulowa m'gulu la anthu opita kokwerera basi.